Chisoti cha Amayi ndi Waya Wake

Amene anandilakwira ndi aphunzitsi anga a giredi faifi, ndipo chimene anachita ndi ichi: anatenga chisoti chachitsulo cha amayi anga, nati afuna kuchikopa chabe, osabweza. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa anthu amati ine ndine wa mtima wapachala, ndikayamba nkhani ndimapsa mtima ndisanafike pamutu pake. Tsono mutu wake ndi umenewo. Zotsalazi ndiyesa kufotokoza mofatsa.

Chimene chinatsala m'manja mwathu ndi waya. Waya wakuda, wopindika ngati uta, nsonga zake zopotedwa ndi zala za munthu, osati pulayala. Zaka zonsezi wayayo anali pamsomali kuseri kwa chitseko cha amayi, kumudzi kwathu kufupi ndi Vubwi. Ukatsegula chitseko mwamphamvu ankalira kuti ngee, amayi n'kukweza maso.

Wayayo anali chogwirira cha kandowa kathu. Kunyumba tinkatero, kandowa. Kanali kachitsulo, kozungulira kunsi, moti sikankakhazikika pansi pokhapokha ukakatchingira ndi miyala. Utoto wake wobiriwira unali utatha, kungotsala m'mphepete, ndipo mbali imodzi kanali kolowa m'kati ngati wina anakaponda ndi chidendene. M'kati mwake munali timphete tiwiri, uku ndi uku, momwe waya uja ankalowa. Amayi ankatungira madzi mumgolo ndi kameneka, ankanyamuliramo madzi akumwa popita kumunda, ankaviikamo mbewu za maungu. Madzi a m'kandowa ankamveka chitsulo pang'ono, koma kuzizira kwake, mano ankachita dzanzi m'mawa wa mwezi wa Juni. Anthu apamudzi ankabwereka mtondo wathu, sefa, ngakhale poto wamkulu wa pamaliro. Kandowa ayi. Amayi ankangoti, "Ako kali ndi ntchito," ngakhale kali chikhalire pakona.

Aphunzitsiwo anabwera kuchokera ku Katete chaka chimene ndinalowa giredi faifi. Anali mnyamata ndithu, wamtali, wonunkhira sopo, wolankhula Chinyanja cha m'tauni, chija cha "nifuna," "manje manje," "mailo." M'khosi ankapachika kamera yaing'ono yonyezimira ngati chitini cha nsomba. Tonse tinkawakonda. Ine ndinkawakonda kuposa onse, ndipo mwina n'chifukwa chake zimene anachita zimandiwawa mpaka lero.

Tsiku lina, titangotha kukolola, analowa m'kalasi ndi chinthu chokulunga m'thumba la fetereza. Anachitulutsa nachiika patebulo. Chitsulo chadzimbiri, chophwaphwatika, chamlomo waukulu.

"Ndani aziba ichi?"

"Mbale ya galu!" wina anakuwa kumbuyo, kalasi yonse n'kugwa nacho chiseko.

Iwo sanaseke. Anachitembenuza n'kuchivala kumutu, naimirira njo, manja m'mbali, chibwano m'mwamba. Mbale ya galu inasanduka msilikali ife tikuona. Anatiuza kuti chinali chisoti cha nkhondo, kuti agogo a agogo athu ena anatengedwa kukamenya nkhondo ya azungu kutsidya kwa nyanja, ndipo ena pobwera anabwera nazo zisoti zawo. Anatinso zina zinalowa kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, pamene anthu ankathawa kudutsa m'tchire. Anati iwo amasonkhanitsa zisoti zoterezi, amazikopa ndi kamera yawo, ndipo tsiku lina anthu a ku Lusaka adzabwera kudzaona zimene ana a ku Vubwi anapeza. Ndiye anamaliza ndi mawu amene anatiyatsa moto: aliyense wopeza chisoti adzakopedwa atachivala, chithunzi n'kukhala chake.

Chithunzi! Dziwani kuti panthawiyo ine ndinali ndisanajambulidwepo chibadwire. Nkhope yanga ndinkaiona m'madzi ndi m'kagalasi kosweka ka amalume kometera ndevu.

Chaka chimenecho mbewa zinapuma. Nyengo imene ana anzathu a midzi ina ankakumba mauna ndi kutchera misampha m'mapesi, ife tinali pamsewu, fumbi mpaka m'maondo, kusaka zisoti. Ine ndinali patsogolo. Palibe anandisankha. Ndinangolankhula kwambiri kuposa onse ndipo ndinagwetsa mnyamata mmodzi amene anafuna kutsutsa, basi ndinakhala kaputeni. Aphunzitsi nawonso anayamba kundiitana motero, "Kaputeni," pamaso pa atsikana. Usiku sindinkagona bwino poganiza za mudzi umene tidzalowe mawa lake.

Ndipo zisotizo zinalipodi! Anthu ankakhala nazo osadziwa. Choyamba tinachipeza kwa gogo wina, nkhuku itafungatira mazira m'menemo. Ndinalowetsa dzanja, thadzi linandijompha pachala mpaka magazi, gogo uja n'kutithamangitsa ndi chipande. Tinadikira mpaka anapiye ataswa. China chinali chopachikidwa pamtengo wa mango pakachalichi kaudzu, ankachimenya ndi chitsulo cha pulawo poitana anthu kumapemphero. China anachiboola tibowo n'kuchisandutsa mbaula yokazingira nsawa. China chinali kwa mmisiri wosula nkhwangwa, ankaziziritsiramo zitsulo zake, madzi n'kumalira kuti tsee. Tinkayenda mpaka kumene munda uwu ndi wa Zambia, uwo ndi wa Mozambiki, koma chimanga chake chimodzimodzi. Pobwerera tinkavala zimene tapeza, zikutigwera m'maso, zikununkha zitosi, tikuguba ndi kuimba nyimbo zathu zopeka, agalu akutiuwa mudzi uliwonse.

Tinazipatsa mayina athu. Chophwaphwatika chija tinkati chambale. Chozama chozungulira tinkati kamba. Chinali chimodzi chotsika m'makutu, tinkati chagonthi, chifukwa ukachivala sunkamva mnzako akamakutukwana. Aphunzitsi anali ndi mayina awo a mayiko akutali, koma pamapeto pake nawonso ankangoti, "Kaputeni, leta kamba uja."

Eni ake sankadandaula. Aphunzitsi ankawapatsa mabeseni atsopano apulasitiki, ofiira ndi abuluu, ndipo azimayi ankaseka kuti munthu wophunzira akusinthanitsa beseni labwinobwino ndi mbale ya nkhuku. Pamenepo sindiwanena. Kusinthana kunali koonekera, aliyense ankapita akumwetulira.

Kukopako ndiye kunali phwando. Tinkachita Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakwiye, kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi. Anyamata awiri ankagwira nsalu yoyera kumbuyo, mphepo ikuikankha, iwo akulimbana nayo. Patsogolo tinazika mtengo, pamwamba pake chikho chouma, kuti chisoti chikhale ngati chili pamutu wa munthu. Pambali ankaika bokosi la machesi, ati kuti woona chithunzi adziwe kukula kwake. Ndiye aphunzitsi ankagwada, kutseka diso limodzi, kupuma osapuma, kamera n'kuti tche. Kutsogolo, m'mbali, kumbuyo, m'kati. Ankafufuza m'mphepete ndi chala kufuna manambala odindidwa pachitsulo, akawapeza ankapakapo choko n'kupukuta pang'ono, manambala aja n'kutulukira mbee ngati mano. Ife kukuwa ngati tagoletsa chigoli.

Lamulo linali limodzi: osakwecha. Mnzanga wina anatenga kamba wake n'kumukwecha ndi mchenga kudambo mpaka anawala ngati poto wa mkwatibwi. Anabwera akunyada. Aphunzitsi anagwira kumutu, ndinaona ngati alira.

"Waononga, iwe! Dzimbiri ndiye mbiri yake!"

Mawu amenewo tinawaloweza kuposa matebulo a masamu. Dzimbiri ndiye mbiri. Tinkawaimba panjira. Muwasunge mawuwa, chifukwa ine ndinawasunga.

Chithunzi changa chinabwera kuchokera ku Katete mwezi wotsatira. Aphunzitsi anati adzandipatsa kunyumba, pamaso pa amayi, chifukwa kaputeni salandirira mendulo kuseri. Ndinasesa bwalo lonse ndekha tsiku limenelo, chinthu chimene amayi sanandionepo ndikuchita osandiuza. Anafika masana panjinga yawo, thukuta kamukamu. Amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amene ankakhala nafe asanakwatire, anawapatsa mpando. Ndinalandira chithunzi ndi manja awiri. Ndinali ine, chambale chitapendekeka kumutu, milomo youma ndi chisanu, malaya opanda mabatani, maso psuu ngati ndikufuna kumenya wojambulayo. Ndinadziona wokongola kuposa munthu aliyense wobadwa.

Kenaka aphunzitsi anapempha madzi. Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kandowa kodzaza, ndi kapu. Anagwada kuti athire. Aphunzitsi sanayang'ane kapu. Maso awo anali pakandowa, pakamwa yasa.

Ndimadabwa mpaka lero. Ine kaputeni, amene ndinaunguza makola a nkhuku a dera lonse, sindinaonepo kuti kandowa kathu kanali chisoti. Ndinkamwera m'menemo tsiku lililonse. Chinthu ukachipeza pakhomo pobadwa, dzina limene unachimvera ndi lomwelo.

Aphunzitsi anati m'mitundu yonse imene tinapeza, uwu analibe. Analonjeza beseni. Amayi anati beseni tili nalo. Anati ndowa yatsopano yachitsulo, yachivindikiro. Amayi anati zikomo, aka kali ndi ntchito. Anati zonse ziwiri pamodzi. Amayi anangothira madzi m'kapu n'kuwapatsa. Choncho musadzandiuze kuti aphunzitsi sanadziwe. Anakanidwa pamaso panga, mwaulemu, mobwerezabwereza.

Ndiye anasintha mawu, anafewa ngati nthochi.

"Chabwino, amai. Sinizatenga. Nifuna chabe kukopa."

Amayi anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, Chichewa chawo n'chakumeneko, ndipo mawu a m'tauni sankawatsatira. Anawayang'ana aphunzitsi n'kunena, "Kukopa? Kwathu timakopa nkhuku ndi chimanga tikafuna kuigwira."

Amalume anaseka mpaka kugwira nthiti. Inenso ndinaseka, manyazi atandigwira kuti amayi anga sadziwa mawu a anthu ophunzira.

"Achemwali, musatichititse manyazi," anatero amalume. "Kukopa kwa ku Katete ndi kujambula. Angojambula basi, ngati mmene amujambulira mwanayu. Ndi aphunzitsi a mwana wanu awa, mukawakaniza kachitini?"

Ine ndinkadumphadumpha pambali pawo. Chisoti chosowa kuposa zonse, chochokera m'nyumba ya kaputeni! Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndi chithunzi changa pachifuwa. Kenaka anathira madzi otsala pamtengo wa papaya n'kundipatsa ineyo kandowa, osati aphunzitsi.

"Kabwere dzuwa lisanalowe."

Ndinathamanga kumbuyo kwa njinga ya aphunzitsi mpaka kusukulu, kandowa kumutu, waya akundimenya pachibwano. Ndinaitana anzanga panjira, anabwera onse. Nsalu yoyera, mtengo, chikho, machesi. Aphunzitsi anakhazika chisoti pachikho, anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu, kenaka anagwedeza.

"Aka kawaya kaononga. Si ka msilikali."

Analowa m'nyumba n'kutenga pulayala. Anavutika nako, chifukwa amene anapota wayayo anapota kuti asadzachoke. Atamuchotsa anamuponya paudzu. Ine ndinamutola n'kumubisa m'malaya, ndikuganiza kuti akhala chiwongolero chabwino cha galimoto yanga yamawaya. Si nzeru, si chikondi, inali galimoto basi. Koma taonani munthu ameneyu. Dzimbiri ndiye mbiri, osakwecha, osakhudza. Nanga waya amene anadya timphete tija mpaka kusiya mipata, iyeyo sanali mbiri?

Atagwada kuti akope, anayang'ana kumwamba. Anthu anali akutentha tchire, utsi utaphimba dzuwa, kunja kuli mbuu. Anati kuwala kwaipa, tidzakopa mailo, kutanthauza mawa, chisoti chigone. Ndinawauza mawu a amayi. Anandisisita kumutu.

"Kaputeni, uopa amai ako? Usiku umozi chabe."

Ndinafika kunyumba dzuwa litafiira, manja lendelende. Amayi anali akusenda nsawa pakhonde. Sanafunse. Anayang'ana manja anga, kenaka anaona nsonga ya waya ikutuluka m'malaya. Anaimirira, nsawa zinamwazika, nkhuku n'kuthamangira. Anasolola wayayo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa munga m'phazi la mwana. Ndinkayembekeza khofi. Sanandimenye. Anakhala pansi, waya pamiyendo, chala chawo chikuyenda pamene panali popotedwa.

Amalume anati, "Aa, achemwali, nkhope yonseyo chifukwa cha chitsulo? Mawa chibwera."

Amayi anawayankha osakweza mawu. Sanati achimwene monga ankachitira masiku onse. Anati, "Iwe unamwera m'menemo."

Amalume anakweza mapewa n'kupita kokacheza. Ine mumtima ndinati, nanga ndani sanamweremo? Tonse timamwera m'menemo, ngakhale alendo.

Mailo a aphunzitsi sanafike. Tsiku lotsatira batire inali itatha. Kenaka chisoti chinafunika kupakidwa mafuta kuti manambala aoneke. Kenaka anati apita nacho ku Katete, kumene kuli nyali zabwino zojambulira. Ine ndinkawakhulupirira, ndinkawateteza kwa amayi, ndinkati simudziwa ntchito ya kukopa mmene imavutira. Amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita okha kusukulu. Anaima panja pa kalasi mpaka belu linalira. Aphunzitsi anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anati sukulu zikadzatsegulidwa chisoti chidzabwera pamodzi ndi chithunzi chachikulu. Sabata yomweyo tinatsekera.

Titatsegulira, nyumba ya aphunzitsi inali pululu. Mtengo uja unali chiimire kuseri, chikho chitasweka pansi. Anthu anati awasamutsira cha ku Sinda. Zisoti zonse zinapita pangolo, chambale, chagonthi, akamba onse. Anangosiya chithunzi chimodzi kwa aphunzitsi ena kuti andipatse. Chinali chokongola, ndisaname. Chisoti chili pansalu yoyera, chopakidwa mafuta, manambala akuoneka bwinobwino. Ndinathamanga nacho kunyumba ndikuganiza kuti mwina chiwatonthoza. Amayi anachiyang'ana kamodzi n'kundibwezera.

"Ichi n'cha msilikali. Changa chinali ndi waya."

Kusukulu nkhani inafala, ndipo mawu a amayi a nkhuku aja amalume anali atawanena kumowa. Anyamata omwe ndinkawatsogolera anayamba kundimwazira chimanga panjira. "Kaputeni anakopedwa! Kipu, kipu, kipu!" Ndinapirira mpaka tsiku limene mmodzi anandiikira njere m'thumba la malaya tili pamzere. Ndinamuchotsa dzino pompo, pamaso pa mbendera. Aphunzitsi aakulu anandiuza kuti ndikabwere ndi kholo. Ndinati kholo langa linabwera kale pano kudzapempha chinthu chake, munalithandiza chiyani? Ndinatuluka pageti, sindinabwererenso. Ena amati ndinadzilakwira. Aziti. Kuwerenga ndi kulemba ndimatha, monga mukuonera.

Ndinakula, ndinalima thonje, ndinagwira ntchito pachigayo, kenaka ndinapeza njinga yamoto yonyamula anthu. Nkhani ya chisoti inakhala ngati chipsera, chosapweteka pokhapokha wina akachikanda. Sindinkadziwa kuti sindikudziwa kanthu.

Amalume anamwalira chaka chatha, atadwala pang'ono. Titabwera kumanda, anthu atabalalika, ndinapeza amayi kuseri kwa nyumba masana, ali okha, waya uja ali m'manja. Sindinafunse. Anayamba okha, maso ali pawayapo.

Anati nkhondo itafika kumudzi kwawo anathawa atatu: iwo ali kamtsikana kosatha msinkhu, amayi awo, ndi amalume ali khanda. Mphika umene ananyamula unasweka tsiku loyamba pothamanga. M'tchire, pambali pa njira, anapeza chisoti chili chagada, mwini wake osaoneka. Agogo anga, amene sindinawaonepo, anamasula waya pamsampha wa mlenje n'kumupota m'timphete ndi zala zawo, zala zikutuluka magazi, kuti mwana wawo athe kunyamuliramo madzi. Agogowo anali akudwala kale. Malire sanawaoloke. Amayi anapitiriza okha, khanda kumsana, chisoti cha madzi kudzanja. Mkaka panalibe. Ankaviika nsonga ya nsalu m'madzi n'kumuyamwitsa, kenaka khandalo linaphunzira kumwera pamlomo pa chitsulocho. Anafika naye kuno wamoyo.

"Sindinamuuze," anatero. "Ndikanamuuza akanamafuna kukumbukira, ndipo analibe chokumbukira. Ndinati nkhondo imeneyi ikhale yanga ndekha."

Ndinakhala pansi padothi, munthu wandevu. Iwe unamwera m'menemo. Mawu aja ndinawamva ndi makutu anga ndili mwana, ndinawatenga ngati nkhani ya ludzu. Ndipo amayi, podziwa zonsezi, anapereka kandowa tsiku lija chifukwa choti mwana wawo ankadumphadumpha ndi chithunzi pachifuwa. Chimanga chimene anamwaza aphunzitsi sichinakope ine ndekha. Amayi anauona msampha, anautchula ndi dzina lake, n'kulowamo maso ali tseguu kuti ine ndisalire. Mwana wa giredi faifi zimenezi akanazimvetsa bwanji?

Chaka chino ndinanyamula munthu wina wa ku Katete. Pocheza panjira anandiuza za bambo wina amene anasiya uphunzitsi, amene nthawi ya mwambo wa Kulamba amayala zisoti zankhondo ndi zithunzi patebulo ku Mkaika, alendo n'kumaunjikana. Ndinatsala pang'ono kumugwetsera m'ngalande. Madzulo ake ndinauza amayi kuti ndipita ku Kulamba, ndipo ndifuna waya. Anandiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku lija. Anamuchotsa pamsomali.

"Usakamenye munthu."

"Sindikamenya."

"Ndikukudziwa iwe. Manja ukaike kumbuyo."

Ku Mkaika kunali fumbi, ng'oma, anthu ngati nyerere, fungo la nyama yootcha ndi utsi wa magalimoto. Ndinazungulira m'misasa ya ogulitsa mpaka ndinaona nsalu yoyera ikukupizidwa ndi mphepo. Chodabwitsa n'chakuti choyamba kubwera sichinali mkwiyo. Chinali chimwemwe chija. Chambale chinali pomwepo! Chagonthi! Belu la kachalichi, mbaula yatibowo! Ndinatsala pang'ono kuitana anzanga. Pakati pa zithunzi zokutidwa ndi pulasitiki panali kamnyamata ka milomo youma, chisoti chitapendekeka, maso psuu. Ndinaima kutsogolo kwa nkhope yanga, alendo akuijambula ndi mafoni.

Aphunzitsi anali atanenepa, dazi litayamba, koma mawu anali omwewo, okoma. Sanandizindikire. M'manja mwawo munali kandowa kathu. Ankaonetsa alendo polowa m'kati paja, akufotokoza za msilikali wolimba mtima amene anachivala, ndi mmene iwo anachipulumutsira kumudzi wina kumene anthu osadziwa ankatungira madzi.

Anthu osadziwa.

Manja anga anali kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake mpaka kupweteka. Ndinadikira achiike patebulo. Kenaka ndinachinyamula, ndinachitembenuza chagada monga chinkakhalira kwathu, n'kutulutsa waya m'jekete. Nsonga yoyamba inalowa m'kamphete n'kukhala mumpata wake womwewo. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinapota ndi zala.

"Iwe! Iwe! Uchita chani? Uzaononga, ni chakudala icho, cha makedzana!"

Anafuna kuchilanda. Ndinachinyamula ndi chogwirira chake, chikulendewera m'mbali mwa mwendo wanga, n'kuloza chithunzi cha kamnyamata kaja. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine. Pamapeto pake anati, "Kaputeni?" Ndiye anayamba zija zakale, kuti ankafuna kubweza, kuti kusamuka kunawasokoneza, kuti kwa iwo chasungika bwino, kuti anthu ambiri aphunzirapo. Ndinawasiya amalize. Sindinakuwe, ndipo amene amandidziwa sakhulupirira. Ndinalankhula motsitsa, mwaulemu wonse umene amayi anandiphunzitsa.

"Aphunzitsi, munati mufuna kukopa chabe, ndipo munakopadi, monga timakopera nkhuku kwathu. Zithunzi zanuzo sungani, ndi changa chomwe. Msilikali wanuyo sindimudziwa. Aka ndi kandowa ka amayi anga, kali ndi ntchito, ndipo anati kabwere dzuwa lisanalowe."